Madzi a Ran Ortner akuoneka onyowa, athu akuoneka ngati malata: vuto lili pati?

Mgwalangwa_NE
Akuluakulu a penti, ndithandizeni. Pa foni pakuyenda chithunzi cha mafunde a m'nyanja yamchere, ndipo akuti si kamera ayi, ndi burashi ya munthu wina wa ku America dzina lake Ran Ortner. Ndi zoona? Ngati ndi zoona, amachita bwanji kuti madzi azioneka onyowa chonchi? Zithunzi zambiri za Shire zimene timapenta kunsi kuno, kaya pa chinsalu kaya pa khoma la golosale, madzi amangokhala buluu ndi timizere toyera totalikirana mofanana, ngati malata. Vuto ndi penti wotchipayu kapena dzanja?

Chiromo77
Ndi kamera imeneyo achimwene, musapusitsidwe.

Mphunzitsi_Ngabu
Si kamera, a Chiromo. Ortner ndi munthu weniweni, anabadwa mu 1959, anakulira ku Alaska, ndipo asanayambe kupenta ankachita mpikisano wa njinga zamoto. Ntchito yake amagwirira ku New York. Anadziwika mu 2009 pamene anapambana mpikisano wa zaluso wa ArtPrize mumzinda wa Grand Rapids ku Michigan, chaka choyamba cha mpikisanowo, pomwe wopambana ankasankhidwa ndi mavoti a anthu wamba. Mphoto inali madola 250,000. Chithunzicho dzina lake ndi Open Water no. 24, penti wa mafuta pa chinsalu, mamita pafupifupi 5.8 m'litali ndi 1.8 msinkhu. China chachikulu kuposa pamenepo, Deep Water No. 1, chili pa khoma la lesitilanti ya Le Bernardin ku New York komweko.

Muwerengere bwino: 1959 kufika 2009. Anali ndi zaka 50.

Koma chimene mungatolepo inu a Mgwalangwa ndi ichi. M'zithunzi zake zodziwikazi mulibe gombe, mulibe bwato, mulibe thambo, ngakhale mzere umene madzi amakumana ndi thambo mulibe. Ndi madzi okhaokha kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete. Ndiye alibe pobisala. Ife timadziwitsa munthu kuti awa ndi madzi poikapo bwato ndi mgwalangwa. Iye chilichonse chiyenera kuchokera pa kuwala ndi kuda kwa funde lililonse.

Namasupuni
Vuto si penti. Vuto ndi loti timapenta zimene tinauzidwa ku pulayimale, zoti madzi ndi a buluu. Imani pa mlatho wa Kamuzu pa Chikwawa mu February muyang'ane pansi. Buluu ali kuti? Ndi tiyi wamkaka.

Pamadzi pamaoneka zinthu zitatu nthawi imodzi, ndipo wopenta ayenera kuzilekanitsa m'mutu. Pali mtundu wa madziwo eni ake, womwe ku Shire ndi matope. Pali chithunzithunzi cha thambo ndi mitengo pamwamba pa madzi. Pali zoyandama: thovu, namasupuni, zinyalala za bango. Mukayang'ana madzi cholunjika pansi, amabweza magawo awiri okha pa 100 a kuwala, ndiye mumaona matope. Mukayang'ana kutali, diso litatsala pang'ono kulingana ndi madzi, amabweza pafupifupi kuwala konse ngati galasi. N'chifukwa chake mtsinje womwewo umakhala wa khofi pafupi ndi mapazi anu, koma tsidya lija n'kukhala wotuwa ngati thambo. Mukapaka mtundu umodzi kuchokera pansi pa chinsalu mpaka pamwamba, mwapenta chitenje.

Kanyimbi
Chitenje kkkk. Koma ndi zoona.

Namasupuni
Lamulo lomwelo ndi limene limapanga funde. Mbali ya funde yoyang'ana kwa inu mumaiona chamaso, ndiye imaonetsa mkati mwa madzi, imada. Mbali yopendekera kutali imaonetsa thambo la m'munsi, imayera. Funde lililonse ndi kachidutswa kakuda ndi kachidutswa kowala zogundizana, osati mzere woyera pa buluu.

Burashi_Nchalo
Ndionjezere za malatazo. Zimabwera chifukwa dzanja limakonda kubwereza kukula kumodzimodzi. Mafunde amachepa ndipo amathithikana akamapita kutali. Yesani motere pa chinsalu cha masentimita 60 msinkhu: funde lapafupi litenge masentimita 12, lotsatira 7, kenako 4, 2, 1, ndipo otsalawo akhale timizere tating'ono tothithikana. Burashi nayonso izisintha: yaikulu yafulati pansi, yapakati pakati, kakang'ono kumtunda. Kusiyana kwa kuda ndi kuyera kuzichepanso. Kutali kulibe chakuda bii kapena choyera mbee.

Ngati mukuika mzere wa thambo, uli pa msinkhu wa diso lanu ndipo ndi wowongoka. Yezani kuchokera pamwamba mbali zonse ziwiri ndi rula, mumate tepi. Ukapendekera ndi theka la sentimita, munthu amaona ngati madzi akutayikira mbali imodzi ngakhale sadziwa chalakwika. Munthu woimirira pagombe amaona madzi mpaka makilomita pafupifupi 5 basi, ndiye theka la chinsalu chakumtunda limanyamula mtunda wautali m'kadanga kochepa.

Chiromo77
Chabwino ndavomera kuti ndi burashi. Koma funde silikudikira. Ndiye kuti akukopera pa chithunzi cha kamera. Kukopera ndi luso? Makina a fotokope pa Bangula amachita zomwezo.

Mai_a_Makhanga
Bambo a Chiromo, tengani chithunzi cha kamera mukopere tione.

Mphunzitsi_Ngabu
Mkangano umenewu ndi wakale. Ivan Aivazovsky wa ku Feodosia ku Crimea, amene anakhala kuyambira 1817 mpaka 1900, anapenta zithunzi pafupifupi 6,000, zambiri za nyanja, ndipo ankapentera m'nyumba kuchokera m'mutu. The Ninth Wave ya 1850 ndi yake. Winslow Homer anasamukira pa Prouts Neck ku Maine mu 1883 n'kumakhala moyang'anizana ndi mafunde omenya miyala mpaka imfa yake mu 1910. Vija Celmins, mayi wobadwira ku Riga mu 1938, iye sabisa: kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 anayamba kujambula nyanja ndi pensulo kuchokera pa zithunzi zimene anatola yekha ku California, opanda thambo opanda gombe. Njira zitatu, onse atatu ali m'nyumba zazikulu zosungira zithunzi.

Kamera payokha imanama m'malo awiri. Mithunzi imaidetsa kwambiri, ndipo powala imawaula n'kusiya poyera popanda kanthu. Wokopera mwakhungu amatenga mabodza onsewa: thovu loyera ngati pepala ndi maenje akuda. Diso limaona zobiriwira ndi zofiirira mu mthunzi momwemo. Kamera ikupatseni mapindikidwe a funde, mtundu mukautenge pamtsinje.

Chiromo77
Aivazovsky yekhayo ndiye ndamugonjera. Enawo ayi.

Burashi_Nchalo
Aivazovsky anakulira padoko akuona nyanja tsiku ndi tsiku. M'mutumo munali katundu. Wa pa Nchalo akapenta nyanja yamchere kuchokera m'mutu atulutsa ya pa kalendala.

Za kamera: kuti madzi aime, shutter (kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera) ikhale 1/1000 ya sekondi kapena yachangu kuposa pamenepo. Mafoni ambiri ali ndi Pro mode, pamene mumasintha nokha liwiro limeneli, ikani pamenepo. Tolani zithunzi 30 kapena 40 motsatizana pamalo amodzi, musankhe ziwiri kapena zitatu. Musasakanize cha m'mawa ndi cha madzulo, dzuwa lidzachokera mbali ziwiri. Kenako gawani chithunzicho m'mabokosi, mwachitsanzo 6 kwa 4, mugawenso chinsalu chimodzimodzi ndi makala kapena pensulo yopepuka, musamutse mipanda ya zidutswa zikuluzikulu zokha.

Dzuwa_la_Nsanje
Funso langa ndi lina. Kuno kulibe nyanja yamchere. Yapafupi ndi ku Mozambique, ku Beira kapena kugombe la kufupi ndi Quelimane. Tikuvutikiranji ndi mafunde a eni ake?

Namasupuni
Ndiye pamene ndikufuna tifike. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zimene Ortner amachita ndi nyanja zingachitike ndi madzi athu, ndipo ndi ovuta mwa njira yawo. Pa Chiromo pamene Ruo amathira mu Shire pamakhala mitundu iwiri ya madzi yoyenda limodzi isanasakanikirane. M'munsi mwa Kapichira muli thovu ndi madzi ozungulira. Ku Elephant Marsh ndi ku Ndindi madzi amakhala bata, odera, pakati pa gumbwa ndi masamba a nyika. Madzi a mtsinje sabwera m'mizere ngati a kunyanja. Amapanga timaenje tozungulira, malo osalala ngati athiridwa mafuta pamene madzi akutumphuka kuchokera pansi, ndi kamzere ka V kuseri kwa bango lililonse. Mukaphonya V ameneyu mtsinje umaima.

Ndipo pali chinthu chimene madzi amatope ali nacho chomwe madzi oyera alibe: mthunzi umagwera pamwamba pake n'kuoneka bwinobwino, ngati pa dothi. Ndiye bwato pa Shire lili ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chithunzithunzi chake chimatsika cholunjika kwa inu nthawi zonse. Mthunzi wake umathawa dzuwa. Ambiri amaziphatikiza kukhala banga limodzi lakuda pansi pa bwato.

Kanyimbi
Wokapenta ku Ndindi atsanzike kaye kunyumba. Ng'ona sizidziwa za luso.

Mai_a_Makhanga
Si nthabwala. Musakhale chogwada m'mphepete mwenimweni mutaweramira pa bolodi, ndipo musabwerere pamalo amodzimodzi nthawi yomweyo tsiku lililonse. Khalani pamtunda, mamita angapo kuchokera m'madzi, makamaka pamene asodzi akokera mabwato ndipo pali anthu. Mvuu nazo madzulo zimatuluka.

Dzuwa_la_Nsanje
Paja dzina la Elephant Marsh anapereka ndi Livingstone, eti? Njovu zake zili kuti lero?

Mphunzitsi_Ngabu
Inde, mu 1859, ndipo analemba kuti anaona njovu pafupifupi 800. Lero mukazipeze ku Majete. Pa ulendo womwewo wa Zambezi panali wopenta, Thomas Baines, amene anajambula mtsinjewo cha ku Tete asanachotsedwe ntchito mu 1859. Ndiye madzi a chigawo chino analowapo kale pa chinsalu. Koma tabwererani ku penti, a Mgwalangwa akudikira.

Mgwalangwa_NE
Ndikumvetsera. Ndiye mitundu ndigule iti? Ndalama ndi yochepa.

Burashi_Nchalo
Machubu asanu akukwanirani: titanium white (chubu chachikulu, ndi chimene chimatha msanga), ultramarine blue, yellow ochre (wachikasu cha dothi), burnt sienna (wa khofi wofiirira) ndi raw umber (wa khofi woderapo). Mukafuna mafunde a kunyanja onjezani viridian, wobiriwira. Wakuda musagule. Ultramarine ndi burnt sienna mulingo wofanana zimapereka chakuda chamoyo, chimene mungachikokere ku buluu kapena ku khofi.

Poyambira pa Shire wa dzinja: magawo atatu a yellow ochre, awiri a raw umber, limodzi la ultramarine, kenako white pang'onopang'ono mpaka zifanane ndi zimene mukuona. Pakani pa kapepala, tambasulani dzanja mukayike pafupi ndi madzi enieniwo, tsinzinani diso limodzi. M'chilimwe madzi amachepa matope ndipo amakokera kobiriwira, ndiye chepetsani umber.

Phthalo blue mumusamale. Ndi wamphamvu kwambiri, kadontho kamodzi kamameza mbale yonse, ndipo ndi amene amapangitsa zithunzi zambiri kuoneka ngati bawa yopentedwa kumene.

Ndondomeko yake. Yambani mwapaka chinsalu chonse burnt sienna wosungunula kwambiri, kuti kuyera kwa chinsalu kusakunamizeni. Chikauma, sakanizani milu isanu ya penti kuchokera wakuda kwambiri mpaka wowala kwambiri musanagwire burashi. Ikani zidutswa zakuda poyamba, kenako zapakati, ndi burashi yaikulu. Imani mamita atatu kumbuyo. Ngati pamenepa sizikuoneka ngati madzi, timizere ting'onoting'ono sitidzapulumutsa. Zowala zibwere pomaliza, ndipo white weniweni wosasakaniza akhale pa timadontho tochepa pamene dzuwa likuthwanima.

Namasupuni
Thovu si loyera. Ikani pepala loyera pafupi ndi thovu la pa Kapichira muone: ndi lachikasu pang'ono padzuwa, lotuwa mokokera ku buluu mu mthunzi. Pentani mthunzi wa thovu kaye, kenako mbali yowala ndi penti wokhuthala. Thovu loyandama limatsata kupindika kwa madzi, ndipo mabowo ake ndi ozungulira koma mumawaona ophwatalala, kutali amasanduka timizere. Ndi thovu limene limauza diso kuti apa madzi akwera, apa atsika.

Kwa amene akufunabe funde lakunyanja: limasweka pamene kuya kwa madzi kwatsala pang'ono kulingana ndi msinkhu wake, pafupifupi 1.3 kuchulukitsa msinkhuwo. Pamwamba pake pamene lapyapyala dzuwa limadutsa, ndiye pamakhala pobiriwira mowala, viridian ndi kachikasu. Pansi pa funde ndi pakuda. Malo owalawo akhale amodzi m'chithunzi, osati pafunde lililonse.

Mai_a_Makhanga
Onse mukukamba ngati muli ku Zomba. Kuno October kutentha kumadutsa madigiri 40. Acrylic, penti wosungunula ndi madzi, amauma pa burashi musanafike pa chinsalu.

Chiromo77
Ndiye wa mafuta basi. Acrylic ndi wa ana asukulu.

Mai_a_Makhanga
Ayi, acrylic amatheka, kungoti mumupangire malo. Tengani kontena yafulati yokhala ndi chivindikiro, yalani kansalu konyowa pansi, pamwamba pepala lophikira makeke, penti mufinyire papepalapo. Amakhala wofewa tsiku lonse. Khalani ndi kabotolo kopopera madzi, muzipopera chinsalu pang'ono musanasalaze malire a mitundu. Gwirani ntchito kuyambira 5 mpaka 9 koloko m'mawa, pa kachigawo kakang'ono kamodzi. Madzi osungunulira asachuluke kuposa penti, apo ayi guluu wa mkatimo amafooka ndipo penti amasupuka. Kumbukiraninso kuti acrylic amada akauma, ndiye sakanizani wowalirapo pang'ono.

Koma kusalaza kofewa kwa pamsana pa funde kumene mukuona kwa Ortner, pamenepo wa mafuta ndiye mwini wake, chifukwa amakupatsani tsiku lathunthu kapena awiri akadali wonyowa.

Burashi_Nchalo
Wa mafuta ali ndi lamulo limodzi losaphwanyika: wochepa mafuta pansi, wochuluka mafuta pamwamba. Kupaka koyamba sungunulani ndi turpentine (mankhwala osungunulira penti wa mafuta) yekha. Kwachiwiri magawo awiri a turpentine ndi limodzi la linseed oil, mafuta opentera amene amauma. Komaliza theka ndi theka. Mukatembenuza, pamwamba pamauma pansi pakadali pofewa, ndipo pakapita miyezi chithunzi chimang'aluka ngati makande a ku Ngabu m'chilimwe.

Kuzama kwa madzi kumachokera ku glaze: penti woonekera mkati, monga ultramarine kapena viridian, wochepa kwambiri mu linseed, wopakidwa mopyapyala pamwamba pa penti wouma kale. Kuwala kumadutsa, kugunda pansi, n'kubwerera. Kawiri kapena katatu, kulikonse kuume kaye. White mu glaze amachititsa chifunga.

Zoti musachite: mafuta ophikira m'malo mwa linseed, sauma bwino, chithunzi chimakhala chonata n'kumagwira fumbi. Palafini ndi wotsukira burashi basi, kenako sopo, osati wosungunulira penti. Zinc white amang'aluka akakalamba. Tinsanza ta linseed musatiunjike pakona, timatha kuyaka tokha, makamaka kotentha ngati kuno. Tiyanikeni chotambasula panja kapena tiviikeni m'chitini cha madzi. Turpentine ndi mawindo otsekula.

Kanyimbi
Nanga gloss wa m'zitini wa ku hadiweya? Ndi amene alipo pa Nchalo.

Burashi_Nchalo
Pa khoma ndi pa hadibodi amagwira. Pa chinsalu amauma gwa n'kusweka mukachipinda. Vuto lina ndi loti amadzisalaza yekha, ndiye thovu lokhuthala silitheka, ndipo amayamba kunata msanga. Ngati ndi yekhayo amene muli naye, goneka bolodi pansi kuti asayenderere, ndipo pentani madzi a bata a kudambo, osati mafunde.

Mphunzitsi_Ngabu
Chinsalu chisaiwalike. Kaliko wokhuthala amakwana. Pokoka pa fulemu yambani pakati pa mbali imodzi, kenako pakati pa mbali yoyang'anizana nayo, kenako ziwiri zinazo, muzipita kumakona mosinthanasinthana. Mukayambira pakona pamakhala makwinya. Fulemu yoposa mita imodzi iikidwe mtanda pakati, apo ayi imapindika. Thabwa likhale louma ndi lopakidwa mankhwala, chiswe cha kuno sichichedwa.

Pakani gesso, penti woyera wokonzera chinsalu musanayambe kupenta, katatu, kulikonse kuume, mukwecheko ndi sandipepala wosalala pakati. Gesso akasowa: gawo limodzi la guluu woyera wa matabwa, awiri a PVA woyera wa pakhoma, limodzi la choko chopera ndi kusefa, madzi pang'ono. Penti wa mafuta asakhudze nsalu yosapaka, amaiwoletsa. Pa madzi a bata mukufuna posalala kwambiri, ndiye hadibodi yopakidwa mbali zonse ziwiri imaposa nsalu.

Mai_a_Makhanga
Ndi fumbi. Chithunzi chonyowa chiyang'ane kukhoma, chotsamira, pamwamba pokha pagunde khoma. Usiku musachisiye pafupi ndi nyali, tizilombo tonse ta m'dambo mudzatipeza titamatirira m'mawa. Vanishi pa wa mafuta adikire miyezi 6 kapena kuposa. Ndipo m'madera a madzi osefukira ngati kwathu kuno zithunzi zisakhale pansi. Zipachikeni m'mwamba dzinja lisanayambe.

Dzuwa_la_Nsanje
Zonsezi ndi ndalama. Agula ndani chithunzi cha madzi amatope opanda ngakhale bwato?

Chiromo77
Palibe. Alendo amafuna mlambe, dzuwa likulowa ndi mayi wosenza mtsuko.

Namasupuni
Ndipo a mlambewo ndi ambirimbiri, n'chifukwa chake amatsitsana mtengo pamsewu. Wobwera ndi Shire weniweni alibe mnzake wopikisana naye. Koma osayamba ndi mamita asanu. Pentani tating'ono 20 ta masentimita 20 kwa 30, kamodzi ola limodzi, malo amodzi nthawi zosiyana. Pa 20 patuluka titatu toyenera kukuza. Amene amaonetsa zithunzi ku Blantyre, kapena malo ogona alendo a kufupi ndi Majete ndi Lengwe, amafuna kuona zithunzi 8 kapena 10 zogwirizana, osati chimodzi cha mkango, china cha Yesu, china cha mtsinje. Ortner amadziwika chifukwa wakakamira chinthu chimodzi zaka zambiri.

Mphunzitsi_Ngabu
Pa mtengo, werengani zipangizo zonse kuphatikizapo fulemu ndi thiransipoti, onjezani masiku anu pa malipiro a mmisiri wa tsiku, ndipo zithunzi zofanana kukula zikhale mtengo umodzi. Malo oonetsera zithunzi amadulapo gawo lawo, m'maiko ambiri mpaka theka, ndiye gwirizanani polemba musanasiye katundu: dzina la chithunzi, kukula, mtengo, gawo lawo, tsiku lokatenga chikapanda kugulidwa. Chithunzi chilichonse chitoleni ndi kamera pamthunzi musanachipereke. Pokwera nacho minibasi kudzera pa Thabwa, chotsani pa fulemu, kulungani pa paipi yonenepa penti ali kunja. Penti akakhala mkati amafinyika n'kusweka.

Mgwalangwa_NE
Takhuta akuluakulu. Funso lomaliza: chithunzithunzi cha migwalangwa m'madzi chimandikanika, chimaoneka ngati mitengo ina yomera chozondoka.

Namasupuni
Chifukwa mukuchipenta chakuthwa ndi mtundu womwewo wa mtengo. M'madzi chakuda chimawalirako, chowala chimaderako, ndipo zonse zimatengako mtundu wa matope. Pakani chithunzithunzicho ndi burashi yotsika cholunjika pansi, kuchokera pa tsinde. Penti akadali wonyowa, tengani burashi yofewa youma mudutse chopingasa kamodzi kapena kawiri, mopepuka. Kenako dulani ndi timizere tochepa topingasa ta mtundu wa thambo pamene kamphepo kakhudza madzi. Pa madzi a bata kutalika kwake kumalingana ndi mtengo. Pakakhala timafunde chimatalika n'kuduka zidutswa. Mtengo umene uli kutali ndi gombe umaoneka nsonga yokha m'madzi, tsinde limabisika ndi mtunda, ndiye yezani kuchokera pamene tsindelo likanagunda mlingo wa madzi, osati kuchokera m'mphepete.

Kanyimbi
Ndipo pagombe penipeni siyani kamzere kakuda ka dothi lonyowa. Popanda iko mtunda umayandama.